Mahedifoni Amene Anandichotsa pa Ng'oma

Ndikukumbukira bwino amene anandichotsa pa ng'oma za bandi ya kutchalitchi kwathu. Ndi amalume anga enieni, a Lameki, alongo awo a amayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Sanandikalipire, sananditchule pagulu. Anangosankha mahedifoni, ine n'kuthera pomwepo.

Sukulu ndinali nditaisiya kale. Khutu langa lakumanzere silimva, ndiye aphunzitsi akamayankhula atatembenukira ku bolodi ndinkangoona msana wawo. Anzanga akandiseka ndinkawamenya, ndikawamenya ndinkabwezedwa kunyumba, mpaka tsiku lina ndinangokhaliratu. Chimene chinanditsalira chinali ng'omazo. Mkati mwa sabata ndinali mnyamata wokumba mbatata ya kachewere m'minda ya anthu cha ku Bembeke, koma Lamulungu ndikakhala pa kampando ka woimba ng'oma amayi okalamba ankavina mpaka mipango kugwa. Kumeneko kokha n'kumene dzina langa linkatchulidwa popanda mlandu.

Ndinkaimba modalira sipika imodzi yakale imene inkakhala pansi, pafupi ndi bondo langa lakumanja. Mmenemo munkatuluka zonse pamodzi, besi, kiyibodi ndi mawu a amalume, poti iwo ndiwo ankatsogolera nyimbo. Akati tibwereze, ndinkamva. Akati titsitse, ndinkamva. Koma sipikayo inkadedwa ndi akuluakulu a mpingo. Tchalitchi chathu n'chamalata opanda siling'i, phokoso limabwerera, ndipo nthawi zina inkalira mluzu pakati pa pemphero mpaka makanda kudzidzimuka. Anagwirizana kuti ichoke, oimba tigulidwe mahedifoni opanda waya, aja okhala ndi kabokosi komangirira palamba ndi tinsonga tolowetsa m'makutu.

Wogulitsa anabwera kuchokera ku Lilongwe Loweruka lina la mu Juni, nkhungu itaphimba phiri la Dedza, manja atauma ndi chisanu. Anabweretsa mitundu iwiri. Woyamba unali ndi timabokosi tisanu ndi kamodzi, ndipo unkagawa phokoso pawiri: mawu a oimba kumanzere, zoimbira kumanja. Wachiwiri unali ndi timabokosi tinayi tokha, koma kalikonse kanali ndi kabatani kopotokola, kosakaniza mbali ziwirizo kuti zonse zimveke m'khutu lililonse. Ndinadziwa kuti wanga ndi umenewo.

Kuyesa kwake kunayenda monga zinthu zimayendera kwathu. Anayamba kuvala ndi abusa, kenako mkulu wa mpingo, kenako amayi a chigwirizano, aliyense atakhala pa benchi, akugwedeza mutu pomvera nyimbo ya mu foni ya wogulitsayo. Anthu amene sadzavalanso zinthuzo moyo wawo wonse ndi amene anazimva bwinobwino. Ife oimba tinaima kukhoma manja kumbuyo. Palibe anati tiyeni tiimbe nyimbo imodzi timve. Amalume atavala mtundu woyamba anamwetulira, akuti mawu awo akumveka paokha ngati pa wailesi, komanso timabokosi tikwanira atsikana oimba kumbuyo. Onse anavomera.

Ine pakamwa panali potentha, koma mwana sayankhula pamene malume ake amaliza kuyankhula, makamaka pali abusa ndi mlendo. Ndinameza. Kunyumba ndinawauza amayi kuti akawauze amalume za khutu langa, monga mwambo wake. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, n'kunena kuti amalume ndi mwini mbumba, ndiwo adzandiyankhulire ndikadzafuna mkazi, ndisawachititse manyazi pa nkhani ya timawaya. Anati ndizolowera.

Sipika ija inatumizidwa ku nthambi ya mpingo ku Kaphuka. Lamulungu loyamba ndinalowetsa tinsonga tija, dziko lonse n'kutsekeka. Besi ndi kiyibodi zinkamveka bwino kuposa kale, koma amalume kunalibe. Mawu awo onse ankathira m'khutu lakufa. Ndinasinthanitsa tinsongato, ndinayamba kuwamva iwo koma besi inasowa, ndipo woimba ng'oma wopanda besi amayenda ngati munthu wotsimphina. Ndinavula tonse, ng'oma zanga zomwe zinandigonthetsa. Ndinapempha mnyamata wa pa mikisa, makina osakanizira mawu, kuti andisakanizire zonse mbali imodzi. Anandiuza kuti bokosi lotumiza mawu ku timabokosi tathu ndi limodzi, akandisinthira ine ndiye kuti wasinthira onse, ndipo a Lameki anamuletsa kukhudza.

Ndinayamba kuwerenga chidendene cha amalume. Akafuna kutsitsa nyimbo ankasiya kuchigunditsa pansi. Zinandithandiza masabata angapo, ngakhale thukuta linkandituluka m'nyengo yozizira. Koma tsiku lina kunali alendo ambiri, atsikana oimba anaima pakati pa ine ndi iwo. Amalume anati tonse tikhale chete abusa apemphere. Aliyense anamva kupatula ine. Ndinatseka maso monga ndinkachitira nyimbo ikakoma, ndikumenya ndi mphamvu zanga zonse. Kiyibodi itasiya ndinaganiza kuti ndi paja amandisiyira kuti ndionetse luso. Nditatsegula maso ndinapeza abusa atakweza manja, tchalitchi chonse chikundiyang'ana, ana a kutsogolo atagwira pakamwa.

Ndinathyola kamtengo koimbira pa bondo langa, anthu onse akuona. Zimenezo ndiye zinakhala nkhani. Za khutu palibe anafunsa. Ankangoti mwana wa a Nambewe uja ndi waukali, ngakhale m'nyumba ya Mulungu.

Sabata yotsatira ndinalawirira. Ndinapeza ng'oma zitafunditsidwa chitenje. Ndinakhalabe pa kampando kanga kudikira. Nyimbo itayamba amalume anatembenukira kwa woimba kiyibodi, iye n'kudina batani, ng'oma za m'kiyibodi n'kuyamba kudziimba zokha. Sizinkalakwitsa, sizinkakwiya. Amayi okalamba aja anavina monga kale. Chimenecho ndicho chinandipweteka kuposa zonse, ndipo ndinalibe woti ndimumenye. Ndinatuluka nyimbo ili mkati, ndikumva kugunda kwake m'mapazi mpaka kumsewu.

Ndinakalowa ganyu kwa ocheka matabwa a paini m'mphepete mwa phiri. Zaka zapita ndili komweko. Macheka a injini amalira kuyambira m'mawa, fungo la utomoni silichoka m'malaya, ndipo khutu langa labwino lija tsopano limalira lokha ngati muli nkhululu. Poyamba ndinkadana ndi mahedifoni. Kenako ndinadana ndi lilime langa, kuti bwanji silinagwedezeke Loweruka lija. Lero ndimaona kuti makinawo analibe cholakwa, ndiponso mwana uja woima kukhoma sakanatha kuchita zambiri. Chinalakwika n'chakuti chinthu chovala m'makutu mwa munthu chinasankhidwa ndi makutu a anthu ena. Ulemu wathu uja umayenda bwino wamkulu akamakumbukira ana amene akuwayankhulira. Akaiwala, mwana amangoonongeka ali chete, ndipo anthu amamuyamikira kuti ndi womvera.

Chaka chatha amalume anabwera kumacheka, atavala jekete, nsapato zitadzaza utuchi. Anati kwabwera abusa atsopano amene sakufuna ng'oma za m'kiyibodi, akufuna munthu. Anati mahedifoni akale aja anafa, agula ena, ndipo mnyamata wa pa mikisa wawafotokozera zimene zinkandivuta. Ndinazimitsa injini kuti ndiwamve. Anzanga anasiya kunyamula matabwa.

"Koma mphwanga," anatero akuseka pang'ono, "nawenso bwanji sunanene? Ine ndikanadziwa bwanji?"

Kale ndikanaponya chinthu. Ndinapukuta manja pa buluku, ndinavula chipewa monga ayenera kuchitira munthu pamaso pa malume ake, ndipo ndinawayang'ana m'maso koyamba chibadwire.

"Amalume, khutuli likutuluka mafinya ndili mwana, amene munandikweza pa njinga kupita nane kuchipatala ndinu. Adokotala ponena kuti lafa, ankauza inu, ine ndili pamiyendo panu. M'tchalitchi monse muja munthu mmodzi yekha amene sankafunika kuuzidwa munali inu. Ng'omazo funirani mwana wina, ndipo mumuveke ayese musanagule. Ine khutu linalo ndalisiya kuno kumacheka."