Mayina a Makolo a Nahale

Nyimbo za kubwalo la mafumu zimati ngalande ya m'chigwa cha Waiolu inakumbidwa ndi mfumu. Bodza lamkunkhuniza. Mfumu imeneyo sinagwirepo mtengo wokumbira, ndipo matope inkangowaona kumapazi a anthu ena. Okumba anali makolo a Nahale.

Nahale anali mlimi wa koko, munthu wamfupi, wa zikhatho zong'aluka, wosadziwa kusekerera nthabwala ya munthu wamkulu. Maiwe ake atatu obzalamo koko anali kumtunda, pamene madzi amapatukira kuchoka mumtsinje akali ozizira. Chuma chake china chinali m'mutu: mayina khumi ndi anayi a mzere wa makolo ake, kuwerengera ndi lake lomwe, amene bambo ake anamuphunzitsa onse awiri atazama m'matope mpaka m'maondo. Kale mayina amenewa ndiwo anali umboni wa munda. Munthu akatchula mzere wake kufikira kwa amene anaika mwala woyamba, mlandu unkathera pomwepo.

Koma ngalande yomweyo ndiyo inagulitsa alimi. Koko anachuluka kuposa mimba za alimi, ndipo wotsalayo anayamba kudyetsa anthu osalima: ansembe, osoka zovala za nthenga, ankhondo. Ankhondowo atakhuta anagonjetsa chigwa ichi ndi icho, mpaka chilumba chonse chinakhala cha munthu mmodzi. M'malire anamangamo maguwa, ndipo chaka ndi chaka alimi ankaunjikapo nkhumba, agalu onenepa, chiwondo ndi nthenga zofiira. Pamapeto pake panabwera lamulo lakuti munthu wamba asatchule makolo kupitirira agogo ake. Mzere wautali ndi wa mafumu okha.

Mfumu yakale itafa, yatsopano inayamba kugawanso dziko, monga amachitira onse. M'mawa wa tsiku limene kapitawo ankabwera kudzayendera minda, Nahale anali kusinja koko pathabwa, mkazi wake Lehiwa akusula chiwondo chapatali.

"Mwamuna wanga, lero pakamwapo mukamange," anatero Lehiwa. "Akakufunsani, liwu ndi limodzi basi."

"Ndiye ine ndinangomera ngati bowa?"

"Mayinawo tidzasinja? Ana adzadya agogo anu?"

 Nahale anangomenya mwala wosinjira mwamphamvu.

Kapitawoyo anali Opunui, mwana wa azakhali ake a Nahale, amene paubwana ankapisa naye zala m'chipanda chimodzi. Tsopano anali atanenepa, ndipo pambuyo pake pankayenda Makaloa, msilikali wa mfumu amene anali asanapatsidwe malo. Pamunda uliwonse funso linali lomwelo: wakupatsa ndani? Mlimi ankagwada n'kuyankha kuti mfumu, ndipo munda unkakhala wake chaka china. Anthu makumi atatu anayankha choncho, ndipo palibe anataya kanthu.

"Achimwene, maiwe okongolatu awa," anatero Opunui atafika kumtunda. "Wakupatsani ndani?"

Nahale anagwada ndithu. Pakamwa anatsegula. Koma maso ake anagwera pa mwala wakuda wa pakamwa pa ngalande, umene bambo ake ankaugwira akamayamba kutchula. Anadzuka.

"Ine ndine Nahale, mwana wa Kuhao, mwana wa Palena, mwana wa..."

"Aa, achimwene, khalani pansi, dzuwa lakupwetekani," anamudula Opunui, akuseka kuseka kwa mantha.

"Iwe Opunui, mimbayo yakwera mpaka kutseka makutu? Dzina lachitatuli ndi la agogo akonso!"

Anapitiriza. Pa dzina lachinayi anthu onse anaweramitsa mitu. Pa lachisanu ndi chiwiri Lehiwa anayamba kulira. Anafika pa lakhumi ndi chinayi osaphonya ngakhale limodzi, kenaka m'chigwa munangomveka madzi.

"Kani tili ndi mfumu ina kuno," anatero Makaloa, akusisita chibonga. "Mfumu ya achule. Tiigwadire, akapitawo, kapena tiiperekeze kuguwa?"

Chilango chake chinali imfa, aliyense ankadziwa. Opunui anapukuta thukuta nati, "Ameneyu ndi wamisala, bwana. Chiyambire ali mwana amabwebweta. Milungu silandira nsembe ya wamisala." Anamupulumutsa, inde, ndipo mpaka lero abale a Opunui amadzitama nazo. Amaiwala kunena kuti ndi mpweya womwewo anawonjeza kuti wamisala sangasunge madzi a mfumu, n'kupereka maiwe atatu aja kwa Makaloa.

Banja la Nahale linasamukira kuphiri kouma, kumene mbatata imabzalidwa pakati pa milu ya miyala, munthu n'kumadikira mvula ngati wopempha. Phala la koko linakhala la patsiku lamwayi. Nahale atayesa kuphunzitsa ana ake mayina aja, wamkulu anamuyankha kuti, "Bambo, tasiyani. Mayinawo anatidyera kale munda, mukufuna atidyerenso mitu?"  

Makaloa ankadziwa kuswa mitu, koma madzi sankawadziwa. Anatseka potulukira kuti maiwe azioneka odzaza. Madzi anaima, anatentha, koko nayamba kuola kumizu. Fungo litafika kunjira, Opunui anakwera phiri akupuma wefuwefu.

"Achimwene, tatsikani mukaone. Paguwa sipadzakhala kanthu chaka chino, ndipo wofunsidwa ndine."

"Wamisala akadziwa chiyani za madzi a mfumu?"

"Musatero inu, ndife amodzi."

"Amodzi? Tchula makolo athuwo."

Opunui anangoyang'ana pansi.

Nahale akanakana, akanagona bwino kamodzi pa moyo wake. Koma anatsika, anaona masamba atachita chikasu, ndipo mtima sunamulole. Analowa m'matope, anatsegula potulukira, anazula woola, anabzala wina. Makaloa anakhala pamthunzi akumuuza kuti afulumire. Koko anabereka kwambiri chaka chimenecho, ndipo kubwalo anayamika Makaloa pomupatsa chovala cha nthenga.

Nahale anapatsidwa nsomba ziwiri zouma. Anakwera nazo phiri, akutchula yekha chapansipansi, dzina limodzi pa phazi lililonse. Panalibe womva, ndipo iye atafa mayina khumi ndi limodzi oletsedwa aja anaikidwa naye m'manda.