Kasikulu Kamene Kanachedwetsa Ba Whyson

Ba Whyson Sakala ankakhala ku George, kuseri kwa msika, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete dziko lisanalandire ufulu, nagwira ntchito pagalaja ina m'tauni zaka makumi awiri. Anayamba ndi kutsuka masipanala, anathera pa kumasula mainjini. Galajayo itatsekedwa anatsala ndi bokosi la zitsulo ndi kagalimoto kakale kabuluu, kamene ankanyamulira tomato wa amayi a pamsika.

Anali ndi lamulo limodzi: sikulu siiphedwa. Iliyonse imene amasula ankaiika pansalu, n'kudzaibwezera pamalo pake. Sikunali kupenga. Zaka zimenezo za chipani chimodzi m'masitolo munalibe sopo, munalibe mafuta ophikira, nanji sikulu ya galimoto. Ukaononga imodzi unkazungulira Lusaka yense wapansi.

Mu Okutobala 1986 amayi awo anatulutsidwa m'chipatala. Adokotala anati palibenso chochita. Atagonekedwa pamphasa anaitana mwana wawo.

"Whyson, ndiperekeze kwathu ndikali ndi mpweya. Ndikaone mudzi. Sindifuna kukagona ku manda a Chingwere pakati pa anthu osandidziwa."

Basi sakanakwera, chifukwa sankatha kukhala tsonga. Inatsala galimoto. Koma kutsogolo kumanzere, chimbale chachitsulo chimene mabuleki amagwira, amakanika amati disiki, chinali chitang'aluka. M'tauni Ba Whyson ankayenda nacho monyengerera. Kumapiri a Manenekera sunyengerera kanthu. Anapeza disiki ina yogwirapo kale ntchito kwa wogulitsa zitsulo ku Kanyama.

Lolemba m'mawa anakweza galimoto pajeke, nachotsa wilo ndi zina zonse. Panatsala kasikulu kamodzi, kamutu ngati nzama, kogwiritsa disiki pamalo pake. Dzimbiri linali litakadya. Anakanikiza sikuludiraiva, inaterereka. Kachiwiri inaterereka, n'kupala mutu wa kasikulu.

Anathirapo palafini nadikira. Anathirapo mafuta a mabuleki nadikiranso. Masana anabwereka mbaula ya mkazi wawo, Mainess, nakanikiza makala amoto pachitsulo mpaka zala zinatuluka matuza. Kasikulu phee. Dzuwa linalowa galimoto ili pajeke.

Lachiwiri anatenga chiduswa cha sowo yodulira zitsulo, nayamba kusema kamzere katsopano pamutu pa kasikulu, pang'onopang'ono. Ndi mmene anawapezera Ba Kapembwa, mnansi wawo wa ku Mbala, amene kale ankayendetsa mabasi. Wakumpoto ndi wakum'mawa ndi achimbuya, amanyozana popanda mlandu.

"Ba Whyson, mukali pamene apa? Amati anzeru anachokera kum'mawa. Imwe zanu munazigwetsa mu Luangwa pobwera?"

"Chokani apa, odya anyani imwe."

"Nyani ni nyama. Imwe mbewa zinakumalizani nzeru. Nipaseni hamala na chizulo, nikadule mutu aka."

"Musakakhudze."

"Mudala, aka kalibe nchito! Kamagwira chabe disiki ngati wachosa wilo. Ukamanga manati ya wilo, vonse vagwira. Ine nayendesa motoka zambiri zilibe aka."

"Amene anakaikapo anali wopusa? Mukakadula nizakapeza kuti kena?"

"Simufunika kena!"

Ba Whyson ankadziwa kuti mnzawoyo akunena zoona. Anazidziwa asanakwatire n'komwe. Koma manja amene kwa zaka makumi awiri sanaphepo sikulu anakana. Anati atsala pang'ono. Kamzere katatha analowetsa sikuludiraiva yaikulu, naipotoza ndi sipanala. Nsonga ya sikuludiraiva inathyoka. Ba Kapembwa anapukusa mutu nachoka, nthabwala zitawathera.

Mainess anatuluka ndi mbale ya phala yosakhudzidwa, naiika pansi pafupi ndi mwendo wa mwamuna wake.

"Atate ake Marjory, onani. Kuyambira dzulo amayi sanameze kanthu. Madzi okha, ndi pasupuni."

"Mawa tinyamuka."

"Dzulo munatero. Kapena simufuna kuti apite?"

Ba Whyson anatola sowo yawo nayambanso kusema, mpaka pamutupo panalibenso posema, chitsulo chonyezimira chabe.

Lachitatu kutacha analowa kukaona amayi awo. Maso anali otsegula koma sanawazindikire. Amayiwo anawagwira dzanja nafunsa, mawu ali pansi, "Adalaivala, tawoloka Luangwa?"

Ba Whyson anatuluka. Sanaitane munthu. Anatenga chizulo ndi hamala, nakhazika chizulo m'mbali mwa kasikulu. Anamenya kanayi. Mutu unadumpha n'kugwera m'fumbi. Disiki yakale anaigogoda kumbuyo, inagwa yokha. Yatsopano inalowa, wilo inalowa, manati anamangidwa. Ntchito yonse sinathe ola limodzi.

Ba Kapembwa anabwera ndi matiresi awo, nathandiza kunyamula wodwala. Sananene kanthu za kasikulu. Anangoti, "Pa Manenekera muziseluka na giya, osadalira buleki yeka." Mainess anakhala kumbuyo, mutu wa apongozi ake uli pamiyendo.

Mabuleki anagwira bwino mapiri onse. Disiki sinagwedere ngakhale pang'ono. Pa mlatho wa Luangwa asilikali anasuzumira kumbuyo, nawauza apite osatsitsa katundu. Anadutsa Nyimba, anadutsa Petauke, dzuwa likuotcha denga la galimoto. Mainess ankanyowetsa nsalu n'kupukuta milomo ya wodwala, akutchula malo alionse amene adutsa, ngakhale sankayankhidwa.

Atangopitirira Sinda, dzuwa litapendeka, Mainess anati, "Imani."

Anaima pambali pa msewu. Ba Whyson anatsegula chitseko chakumbuyo, naona, nawatseka maso amayi awo. Mainess anavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa. Kunatsala ulendo wosakwana ola limodzi.

Anaika maliro Lachisanu, pafupi ndi manda a bambo awo. Abale anawathokoza pamaso pa anthu. Amalume awo anati ana ambiri a m'tauni amangotumiza uthenga, koma uyu wabweretsa mayi wake yekha, pagalimoto yakeyake, ndipo kuchedwako sikunali kufuna kwake. Ba Whyson anayang'ana pansi. Mainess, amene ankadziwa za masiku awiri aja, nayenso anayang'ana pansi.