Phulusa la a Eloy Vigil

A Eloy Vigil analibe nyumba, koma mukananena zimenezo pamaso pawo mukanayambana nawo. Ankati nyumba yawo ndi nkhalango yonse ya boma ya m'mapiri a ku Colorado, chipinda chogona ndi kumbuyo kwa kalole kawo kakalekale. Chimwalirireni akazi awo, a Erlinda, nyengo yotentha iliyonse ankakwera kumtunda kwenikweni, kutali ndi misasa ya mipope ndi zimbudzi. Lamulo limalola kugona paliponse, bola usamuke pakatha masiku khumi ndi anayi. Iwo ankasamuka kutatsala tsiku limodzi, kuti alonda a nkhalango asawapezere chifukwa.

Anagwira ntchito yocheka matabwa zaka makumi atatu, ndiye moto ankaudziwa, ndipo ankauopa zedi. Pochoka pamsasa ankathira madzi, kutakasa ndi fosholo, kenako kugunditsa kuseri kwa dzanja paphulusa. Anthu a m'tauni osiya moto ukufuka ankawazazira ngati adzukulu awo. Chaka china mvula inakana, mitengo ya paini yodyedwa ndi tizilombo inangoti gwa kuuma phiri lonse. Munthu akalekerera moto ankaletsedwa kupondanso m'nkhalangomo. Kwa ena chimenecho n'chilango chongotaya tchuthi, koma a Eloy analibe kwina kopita.

Lachiwiri lina m'mawa anaphika nyemba ndi khofi. Madzi anali atatsala pang'ono, ndiye anathira omwewo, kutakasa, n'kuika dzanja. Dzanja linati kwazizira. Anatsika ulendo wa ola lathunthu pamsewu wamiyala kukagula madzi kusitolo ya mayi Darlene.

"Madala, mukadali moyo?" anatero mayi Darlene. "Ine ndimayesa zimbalangondo zinakudyani kale."

"Zidye chiyani pa ine? Mafupa okhaokhawa?"

"Ndiye zingotsukira m'kamwa. Ii, nanga dzanjalo mwalitani?"

A Eloy analitembenuza. Kuseri kwake kunali thuza lalikulu ngati dzira la nkhunda, lodzaza madzi, m'mbali muli phulusa. Sanamve kuwawa ngakhale pang'ono. Pomwepo anakumbukira mawu a dokotala, akuti matenda awo a shuga amapha mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, mawu amene iwo anawaseka. Ndiye kuti phulusa la kumsasa lija linali likadali ndi moto. Kunja mbendera ya pasitolo inali itawongoka ndi mphepo.

Anaponya zigubu zitatu za madzi m'kalole, nanyamuka osatsanzika. Msewu uja, abale, sunatalikepo chonchi! Pokhota paliponse ankasuzumira kumtunda, akuitana a Erlinda ngati kuti angatsike kudzawathandiza.

Atafika anapeza pakati pa mafuwa pali zii, mpaka anaseka ndi chisangalalo. Kenako anamva fungo. Mapazi khumi kuchokera pamafuwa, utsi wochepa unkatuluka m'nthaka. Moto unali utalowa pansi pa masamba owola, ukuyenda ndi muzu. Anakumba, anathira chigubu choyamba, nthaka inalira kuti tswee. Potembenuka anaona utsi wina kumbuyo kwawo. Chigubu chachiwiri chinathera pamenepo. Chachitatu chisanathe, utsi wina unayamba kufuka patsinde pa paini wouma, mphepo ikugwedeza nsonga yake.

Tisabise, maganizo othawa anawabwerera, ndipo anakhala nawo kanthawi ndithu. Panali msewu wina wotsikira kuseri kwa phiri, ndipo palibe ankadziwa pamene anamanga msasa. Anatsegula chitseko cha kalole, phazi limodzi analowetsa. Koma kumunsi, kumene mphepo inkalowera, anali ataona matenti awiri pobwera, tizovala ta ana titayanikidwa pachingwe.

Foni inkagwira pamwamba pa chitunda pokha. Anakwera chokwawa, chifuwa chikubanika, pakuti mpweya wa kumtunda kuja sukhutitsa ngakhale mnyamata. Atafika pamwamba anaimba foni. Anayankha mayi wina wa kwa ozimitsa moto, wa mawu odekha. A Eloy anafotokoza msewu, mtsinje woolokera, ndi matenti aja, nati ayambe achotsa ana.

"Tamva, bambo, anthu anyamuka. Mukudziwa amene anayatsa motowo?"

A Eloy anayang'ana kumunsi. Paini uja anali atayaka tsopano, lawi likukwera mpaka kunsonga, kalole kawo kali pafupi pomwepo, chitseko chili chotsegula.

"Bambo, mukundimva?"

"Ndikukumvani, mayi. Muli ndi cholembera? Lembani kuti Eloy Vigil. Ndikhala pompano, mundipeza."