Ine Ndinanyamula Banjo

Tsiku limenelo tinkapalira chimanga m'munda mwa amayi ake a Esinati, kwathu ku Mozambique, kufupi ndi malire. Ndinali nditamutomera Esinati, choncho ndinkaonetsa mphamvu zanga m'munda mwa apongozi. Iwo ankalima kumunsi, ine kumtunda. Sitinkayang'anana m'maso.

Lufeyo sankalima. Anakhala pachulu akumanga nsambo za banjo yake ya chigubu cha mafuta. Anali msuweni wa Esinati, mwana wa amalume ake. Mwa chisuweni ankamuitana kuti "mkazi wanga" aliyense akumva, ndipo anthu ankangoseka.

Mfuti zinayamba kulira chakumudzi dzuwa lisanafike paliwombo. Kenako utsi unakwera pamene panali nkhokwe zathu. Makasu tinawasiya m'mizere.

Tinalowa m'thengo anthu anayi. Esinati anaponda chitsa chosongoka, chidendene n'kung'ambika. Amayi ake anachimanga ndi kansalu ka chitenje. Pofika pamtsinje sankathanso kuponda pansi, ndipo madzi anali odzaza.

Ndinali wamphamvu kuposa Lufeyo. Ndikanamubereka Esinati mpaka ku Malawi osapuma. Koma apongozi anaima pomwepo, ndipo sindikanagwira mwana wawo iwo akuona, ukwati usanachitike. Ndinayang'ana pansi. Iwonso anayang'ana pansi. Kumbuyo mfuti zinkamvekabe.

"Kwera apa, mkazi wanga," anatero Lufeyo akugwada. "Alamu, gwirani banjoyi. Ikanyowa, mkaziyu sindikubwezerani."

Esinati anaseka, koyamba chichokereni kumunda. Anakolowekera manja ake m'khosi mwa Lufeyo.

Ndinawoloka pambuyo pawo, banjo ili pamutu. Madzi anandifika pachifuwa. Tisanafike pozama, ndinkaona phazi lomangidwa lija likugunda ntchafu ya Lufeyo. Pakati pa mtsinje ndinadziwa kuti ndikangotsitsa manja pang'ono, banjo ipita ndi madzi. Ndinanena Pemphero la Ambuye mpaka kutsidya. Banjo sinanyowe.

M'phiri Lufeyo anamuberekabe. Ankang'ung'udza kanyimbo chapansipansi kuti Esinati aiwale ululu, ndipo iye ankavomera ndi mawu aang'ono. Ine ndinkathyola mango osapsa n'kupatsira Lufeyo, iye n'kumapatsa Esinati kumsana.

Kumalire tinapeza lole ya esiteti ikufuna matenanti. Inatitsitsa ku Kasungu, chakufupi ndi Kapelula, pakati pa minda ya fodya yopanda malekezero. Kumeneko kunkangomveka njiwa. Abambo ake a Esinati ndi achimwene anga awiri anali kumudzi tsiku lija. Sitinawaonenso.

Ukwati wathu unadalitsidwa m'tchalitchi mvula itatha. Lufeyo fodya anamulephera. Ankatiimbira m'zigafa ife tikusoka masamba, kenako ankaimba m'misika, kenako tinamumva pa wailesi. Nyimbo imene inamutchukitsa inali ija anayamba m'phiri, ya mnyamata wowolotsa mkazi wake pamsana nkhondo ili kumbuyo. M'nyimbomo muli mtsinje, muli chitsa, muli ngakhale mango. Wonyamula banjo mulibe.

Esinati ankaiimba posankha fodya, pochapa, pogoneka ana. Akafika pa mawu a kuwoloka ankatseka maso. Sindinamuletsepo. Sanandilakwire m'moyo wake wonse, ndipo Lufeyo naye sanandilakwire. Ndinapemphera za nkhaniyi zaka zambiri. Mulungu anandipatsa kukhala chete, koma wailesi ndinkaizimitsabe ndikakhala ndekha.

Inu obadwira kuno nyimboyo mumaivina pa maukwati. Adzukulu anga amandifunsa ngati ndinamudziwadi woimbayo. Ndimati ndinamudziwa.

Esinati atamwalira, Lufeyo anabwera kumaliro. Tsitsi lake linali loyera, ndipo anakoleka gitala yogula kusitolo. Sanaimbe. Anakhala nane pakhonde.

Mwamuna sanyamula bokosi la mkazi wake. Amayenda pambuyo, ena atamugwira mkono. Bokosi likutuluka m'nyumba, Lufeyo anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akumuvuta. Anyamata anamupatsa malo kutsogolo. Asanaike phewa lake, anavula gitala n'kutembenukira kwa ine.

"Alamu," anatero, "gwirani."

Kunkawaza kamvula. Gitalayo ndinaifunditsa jekete langa mpaka kumanda.