Mahedifoni Otseka ndi Lilime la Amayi Anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kutaya lilime la amayi anga chifukwa cha mphindi zitatu za pa maikolofoni. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili giredi seveni pasukulu ina kuboma la Lundazi, ndipo makani anga anali atatchuka kale mpaka kwa anansi.

Ife kwathu ndi ku Kasungu. Makolo anga anawoloka malire ine ndili kumsana. Bambo ankachita geni ya zitenje panjinga, amayi n'kumagwira ganyu yosankha fodya cha ku Chikomeni nyengo yake ikafika. Ine ndinakulira ku Lundazi konko. Chitumbuka ndinkachimva, Chinyanja cha m'tauni ndinkachilankhula, koma ndikangodziiwala pang'ono lilime linkathawira kunyumba. Anzanga akati "bwela", ine "bwera". Kachilembo kamodzi basi, koma ha, kanandisautsa! Ndikamadutsa pamjigo anyamata ankayamba: "Bwerrra, bwerrra, kaMalawi!" ngati akuliza njinga yamoto. Awiri mwa iwo ndinawamenyapo, koma sizinathandize.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu, Madamu Lungu, anandisankha kuti ndidzalandire alendo pa tsiku la makolo, poti mawu anga ankamveka mpaka kubwalo la mpira. Ndinasangalala koopsa. Koma tsiku loyamba kuyeserera, nditangoti "Takulandirani makolo nonse," kalasi yonse inagwa nacho chiseko.

"Iwe Tadala, kuno si ku Kasungu," anatero Madamu. "Ni takulandilani. Nakupatsa wiki imodzi. Uzijambula pa foni, uzimvela weka. Ukalephela, azakamba ni Memory."

Memory anali mtsikana amene ankayambitsa nyimbo ya "bwerrra" ija m'kalasi. Ndinalumbira mumtima kuti maikolofoni imeneyo aigwira ine nditafa.

Bambo anali atandisiyira foni yawo yakale yosweka galasi. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkakhala pachitseko n'kumadzijambula. Koma timawaya ta m'makutu timene ndinali nato tinali tachabechabe: mbali imodzi inafa kale, inayo inkangoti tswi-tswi, ndipo mawu ankatulukira kunja moti ana a panyumba yoyandikana nafe anayamba kundiyeserera. Kuseri kwa mpanda wathu kunali chigayo cholira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sindinkatha n'komwe kusiyanitsa ngati ndanena "landira" kapena "landila".

Lachitatu lake ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwotchabe mpaka lero. Amayi anali pakhonde akusenda mtedza, n'kunena mosangalala kuti adzavala chitenje chawo chatsopano ndipo adzakawapatsa moni Madamu. Ine, wokwiya kale ndi chigayo chija, ndinati:

"Mubwere, koma mukakhale kumbuyo. Ndipo chonde musakalankhule ndi munthu."

Manja awo anaima pang'ono m'lichero. Ndinkayembekezera khofi, ndipo bwenzi atandimenya zikanakhala bwino. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusenda.

Loweruka tinapita limodzi kumsika wa Lundazi. Ndinali ndi kathumba kanga ka mtedza wokunkha m'minda ya anthu atakolola, ndipo amayi anandisenzera mpaka tinagulitsa. Ndinawauza kuti ndikufuna mahedifoni enieni. Sanafunse chifukwa chake.

Wogulitsa woyamba anali ndi ofiira, onyezimira ngati njinga yatsopano. Anandiveka n'kukweza nyimbo mpaka kumapeto. "Iyi ni orijino, sisi! Wamva besi?" Besi ndinaimvadi, mpaka m'mano. Vuto linali lakuti amayi ogulitsa tomato patsidya pa njira nawonso anaimva, wina mpaka anayamba kugwedeza mapewa. Ndinavula n'kumubwezera. Ine ndinkafuna zobisala, osati zoitanira msika wonse.

Chakumapeto kwa mzerewo kunali kashedi ka a Mtonga, bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi mafoni. Munkanunkha waya wopsa, ndipo pakhoma panali mahedifoni atatu okha, opachikidwa pamisomali. Amayi anangowerama osayankhula, poti ndinali nditawatseka pakamwa. A Mtonga anati, "Monile, mama," kenako anamvetsera zofuna zanga osathamanga.

"Pulika makora, mwana wane," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti ndimvetsere bwino, kenako anatembenuzira m'Chinyanja. Anatsitsa awiri n'kuwatembenuza. "Ona kumbuyo. Awa ali ndi timabowo ngati sefa. Mawu amatulukira apa, phokoso nalo limalowera pomwepa. M'nyumba yabata ngabwino, koma osati pafupi ndi chigayo. Awa ngotseka kumbuyo, gwa. Zako n'zako, za kunja n'zakunja."

Anandigwiritsa timapilo ta otsekawo kuti ndione kufewa, n'kunena kuti khutu lonse lizilowa m'kati, lisamapanikizike. Anali akuda, osakongola n'komwe, ndipo ndinafunsa mwamwano ngati amagunda ngati ofiira aja.

"Kugunda n'kosavuta, ngakhale chitini chimagunda," anayankha. "Tsitsa voliyumu. Ika mawu a munthu amene umamudziwa, osati nyimbo. Ngati ali abwino, umva tinthu tating'ono timene sunkatimva. Inu mama, imani pafupi apa, mutiuze ngati mukumva kanthu."

Nditavala, msika wonse unangoti zii. Mabelu a njinga, makondakitala oitanira a ku Chipata, mbuzi yolira kuseri, zonse zinapita kutali. Ndinatsegula zimene ndinajambula Lachinayi, tsiku lotsatira mawu anga oipa aja.

Choyamba ndinamva mawu anga: "Takulandi-lani, takulandi-lani," ngati munthu wotafuna mbatata yotentha. Kenako kumbuyo kwa mawuwo kunayamba kutuluka zinthu zimene timawaya tija sitinkandipatsa. Chigayo chija kuseri kwa mpanda. Makoko a mtedza akusweka, thyo, thyo. Ndiyeno mawu ena, otsika kwambiri, ochokera pakhonde.

"Ndabwela. Ndabwe-la. Muli uli, Madamu? Ndine make Tadala. Ndabwela kuzaona mwana wanga."

Anali amayi. Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Penapake lilime linawaterereka, nati "ndabwera". Ndinawamva akudzitsonya, "Asa!", kenako n'kuyambiranso pang'onopang'ono.

Mayo ine. Mzimayi amene ankayenda wapansi kukasankha fodya mpaka zala kuda bii, amene sindinamuonepo akudzichepetsa kwa kapitawo aliyense, anali pakhonde pake pomwe akuthyola lilime lake monong'ona kuti asadzandichititse manyazi. Ndipo ine ndinali pachitseko, mapazi asanu okha kuchoka pamene anakhala, osamva kanthu.

Ndinatembenuka. Anali ataima pambali panga, khutu ataliyandikiza kumutu kwanga, nkhope ili ndwii pa ntchito imene anapatsidwa. Ndinakweza mbali imodzi ya mahedifoni.

"Sindikumva kalikonse, bambo," anauza a Mtonga, kuiwala lamulo langa. "Ngabwino amenewa."

Misozi inali itafika kale pachibwano. A Mtonga anandiyang'ana n'kufunsa ngati akundifinya. Ndinati ayi, ali bwinobwino. "Ndiye tenga," anatero. Tinalipira n'kumapita.

Njira yonse ndinali ndi ukali. Poyamba ndinadzikwiyira ndekha, kenako ukaliwo unafalikira kwa Memory, kwa anyamata a pamjigo, kwa Madamu, kwa aliyense amene anandiphunzitsa kuti mawu a m'nyumba mwathu ndi oseketsa. Koma sindinasiye kuyeserera, ayi. Ndi mahedifoni aja ndinkamva bwinobwino pamene lilime likugunda, ndipo pofika Lolemba "takulandilani" wanga anali wosalala kuposa wa Memory. Madamu anawomba m'manja. Ndinkafuna zimenezo. Sindinkafuna kuti munthu adzanene kuti kaMalawi kanalephera.

Tsiku la makolo litafika, ndinapeza amayi atakhala pabenchi yomalizira, pafupi ndi mtengo wa mango, chitenje chatsopano chili pathupi. Ndinawagwira dzanja.

"Tiyeni kutsogolo."

"Si paja unati kumbuyo?"

"Ndasintha."

Ndinawakhazika pabenchi yachiwiri, kuseri kwa alendo olemekezeka. Kenako dzina langa linaitanidwa. Maikolofoni inali yozizira, koma mtima unali utauma kale. Ndinayang'ana Madamu, ndinayang'ana amayi, n'kutsegula pakamwa.

"Takulandirani, makolo nonse!"

Chilembo chija chinatuluka chonse m'masipika, chozungulira bwino ngati mmene amachitulutsira ku Kasungu. Kumbali ya anyamata kunamveka kuseka. Maso a Madamu anatuluka. Ndinadikira kuti osekawo amalize, kenako ndinabwereza mokweza kuposa poyamba. Ndinawerenga pepala lonse m'chilankhulo cha kwathu, ndipo pamapeto ndinawonjezera zimene panalibe papepalapo: "Mwapadera ndikulandira amayi anga, a ku Kasungu, amene abwera kudzandiona. Ndi awo akhala apowo."

Sikuti bwalo lonse linaimirira, ndisaname. Ambiri anangowomba m'manja mwamwambo. Koma kumbuyo, kumtengo wa mango kuja, amayi awiri kapena atatu a m'mafamu a fodya analiza nthungululu yakuthwa, ndipo ndinadziwa kumene anachokera.

Mwambo utatha, amayi anapita okha kwa Madamu, ine ndikuwatsatira. Anagwada pang'ono n'kunena momveka: "Ndine make Tadala. Ndabwera kudzaona mwana wanga." Madamu anayankha mwaulemu, "Yewo, mama," koma diso limene anandiponyera linandiuza za Lolemba.

Ndipo Lolemba linafikadi. Chifukwa chowonjezera mawu papepala la sukulu, ndinapatsidwa khasu kuti ndikumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Ndinakumba masiku awiri, matuza ali m'manja, ndipo maikolofoni ya pasukulupo sindinaigwirenso mpaka ndinachoka. Amayi ataona matuzawo anandithira madzi amchere uku akukalipa: "Iwe, makani akowa adzakupweteka." Koma ankakalipa akumwetulira, ndipo anandipatsa chiwindi cha nkhuku chimene nthawi zonse chinkakhala cha bambo.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ana angawo amati "bwela", poti anabadwira kuno, tsidya lino la malire. Sindiwakonza. Ndinazindikira kuti Madamu nawonso ankangolankhula za kwawo, ndipo "bwela" alibe mlandu uliwonse. Mlandu unali wanga, wouza mayi wondibala kuti akhale chete pagulu. Anyamata a pamjigo ankakuwa, ndiye ndinkawamva tsiku lililonse. Amayi ankanong'ona, ndipo panafunika kuti dziko lonse litsekeredwe kunja kaye kuti ndiwamve.

Mahedifoni a kwa a Mtonga anatha kalekale, timapilo take tinasupuka, ndipo foni ija inafa ndi mawu ake omwe. Amayi sindinawauzepo zimene ndinamva tsiku lija. Koma ndikamagula ena ndimachitabe chimodzimodzi: ndimatembenuza kumbuyo kuona ngati ngotseka, ndimatsitsa voliyumu, n'kuika mawu a munthu, wogulitsa ataima pambali kuti andiuze ngati akumva. Ena amandiona ngati wovuta. Aziona choncho.

Amayi anabwerera ku Kasungu bambo atasiya geni, ndipo mawu awo ayamba kuchepa mphamvu. Akaimba foni Lamlungu masana ndimathamangitsa ana, ndimavala mahedifoni, n'kukhala pansi. Sachedwa kufunsa funso lawo lomwe lija: "Nanga udzabwera liti?" Chilembo chija ndimachimva chonse, ndipo ndimawayankha ndi chomwecho.