Msilikali Amene Tinamutcha Atate

Dzulo fungo la penti wobiriwira linandibwezera ku Mnkhanya, komwe ndinakulira. Kumeneko ine ndi mkulu wanga Yohane tinkaumba asilikali adothi, n'kuwapaka penti wotsala pakampu ya oteteza nyama zakutchire, kuti timenyanitse Angoni ndi Akunda. Wamtali koposa tinamutcha Atate, poti atate anali sikauti, msilikali woteteza nyama.

Tsiku lina iwo ali kutchire kolondera nyama, msilikaliyo anang'aluka khosi padzuwa pomwe ndinamuyanika, mutu n'kugwa.

"Basi, wawapha," anatero Yohane. "Ukawauze wekha amayi."

Sindinauze munthu. Ndinkamata mutuwo ndi malovu, koma unkangogwabe. Atate atabwera ndinathamangira kukawagwira pakhosi, iwo n'kuseka poyesa ndawasowa.

Lero ndikudziwa kuti amayi, opanda chidole chilichonse, ankaopa zomwezo ulendo uliwonse atate akapita kutchire.