Mmisiri Amene Ankaopa Makwerero

Inu amene mukuona ngati mantha anu sadzatha, tamvani za mmisiri wina wokhoma madenga.

Tsiku limene mnzake wa ntchito anaterereka padenga n'kufera pamaso pake, iye anatsika wopanda ngakhale kabala. Anthu anati ngwamwayi. Koma kuyambira pamenepo, akangogwira makwerero thukuta linkangoti kamukamu, m'makutu akumvanso kulira kwa malata a tsiku lija.

Paja amati mwamuna salira. Ndiye mkuluyu anasankha kunama kuti akumva msana. Ntchito zinapita kwa ena, hamala n'kuchita dzimbiri. Chomuwawa kwambiri chinali nyumba ya mwana wake wamkazi: makoma anatha, mvula inali pafupi, ndipo denga analonjeza kukhoma yekha.

Mkazi wake anamukokera kuchipatala. Ali pamzere, chipewa chinagwa pansi, wodwala msana uja n'kuwerama msangamsanga kuchitola.

"Bambo, msana wanuwu ukuposa wanga," anatero namwino akumwetulira. "Chikukupwetekani n'chiyani kwenikweni?"

Misozi ndi imene inayankha. Namwinoyo anamuperekeza kwa mlangizi wa za maganizo.

"Ndiye kuti ndapenga?" anafunsa mmisiri.

"Ayi, bambo," anatero mlangizi. "Thupi lanu likuyesa kuti tsiku lija silinathe. Tiliphunzitsa pang'onopang'ono."

Sizinali zapafupi. Ankapitako mobwerezabwereza, mpaka analavula chimene chinkamudya: ndi iye amene anauza mnzakeyo kuti akwere mame asanaume. Masiku ena ankatuluka atakwiya, akulumbira kuti sadzabweranso, koma ankabwerera. Anaphunzira kupuma mofatsa mtima ukayamba kuthamanga. Kunyumba ankaponda sitepe yoyamba ya makwerero n'kungoima pomwepo, mkazi wake atagwirira, aneba akusuzumira ngati pali filimu. Kenako anafika pa yachiwiri.

Tsiku lina dzuwa litakwera, mwana wake anamva kugogoda pamwamba pa nyumba ija. Anathamangira komweko.

"Ababa, nanga msana uja?"

"Unali bodza, mwanawe. Tandipatsira misomali, mitambo ikubwerayi."

Mvula yoyamba inawapeza ali m'kati. Malata analira, mmisiri anamvetsera, ndipo mtima unakhala m'malo. Anapumira m'mwamba n'kuseka yekha.

Nanunso mwina muli ndi msana wanu wonamizira. Bala la mumtima silioneka, koma limapola likapeza wolitsuka. Mutu umodzi susenza denga. Kauzeni wodziwa kuthandiza, ndipo osataya mtima, ngakhale mukadali pa sitepe yoyamba.